Mafayilo a .afm akanidwa chifukwa cha layisensi: poyambira ndi pati?

Funso: Ndinalemba kapulogalamu kotulutsa ma PDF, ndipo ndinaikamo mafayilo a .afm (mafayilo a miyeso ya zilembo za fonti) omwe ndinawatenga mu pulogalamu ina yaulere. Nditapereka phukusi langa kuti lilowe m'nkhokwe ya mapulogalamu a Linux, oyang'anira analibweza, ati mafayilowo alibe layisensi yomveka. Komatu mulibe chilembo chojambulidwa ngakhale chimodzi, muli manambala okhaokha osonyeza kukula kwa zilembo. Kodi manambala angakhale ndi mwini wake?

Yankho: Za malamulo zisiyeni kaye. Tsegulani foda yomwe muli mafayilowo muone ngati muli chikalata chotchedwa MustRead.html. Ndikhulupirira mulibe, ndipo vuto lanu lagona pomwepo.

Mafayilo amenewa nthawi zambiri amakhala a mafonti 14 a kampani ya Adobe: anayi a Helvetica, anayi a Times, anayi a Courier, kenako Symbol ndi ZapfDingbats. Adobe inaloleza aliyense kuwagwiritsa ntchito, kuwakopera, kuwagawa ngakhalenso kuwasintha, osalipira kanthu. Koma chilolezocho sichili m'kati mwa ma .afm, chili mu MustRead.html, ndipo chimanena poyera kuti mafayilowo asayende okha popanda chikalatacho. Chimafunanso kuti mawu a copyright asafufutidwe, kuti kusintha kulikonse kulembedwe poonekera m'fayilo yosinthidwayo, ndiponso kuti ndime ya chilolezoyo isakhudzidwe. Pa SPDX, mndandanda wa mayina achidule a malayisensi, layisensi imeneyi imatchedwa APAFML.

Chimene chimandinyansa n'chakuti anthu amakopera chilichonse chothera ndi .afm, n'kusiya HTML ija poyesa kuti ndi zinyalala. Wina amakoperanso kwa iyeyo, winanso kwa winayo, mpaka zafika kwa inu ngati galimoto yopanda mapepala. Kafayilo ka mizere yowerengeka, koma kusasamala kwa munthu mmodzi kumavutitsa onse omutsatira.

Musanathamangire kukasaka chikalatacho, chitani ichi, chomwe ine sindilumpha ngakhale mwini pulogalamu alumbire kuti zonse zili bwino. Fayilo ya AFM ndi mawu wamba owerengeka ndi maso. Mu terminal (pomwe mumalembapo malamulo a kompyuta) lembani head -n 20 Helvetica.afm muwerenge mutu wake mosathamanga. Mzere woyamba wa gulu la 14 lija umati StartFontMetrics 4.1. Mukapeza 2.0 kapena 3.0, mafayilo anu anachokera kwina, ndipo kungowamatira MustRead.html pambali sikuwayeretsa. Onani mzere wa Comment ndi wa Notice. Pa Helvetica zaka za copyright zimathera pa 1997, n'kutsatira mawu akuti All Rights Reserved. Amene anakubwezerani phukusi anawerenga mawu omwewo, sanaone chilolezo china paliponse, ndiye mumati atani?

Mukatero lembani grep FontName *.afm muwerenge mayina. Akapitirira 14, kapena mukaona Palatino, Bookman, AvantGarde, NewCenturySchlbk kapena ZapfChancery, dziwani kuti amenewo ndi a gulu la mafonti 35 a makina osindikizira a PostScript. Chikalata chija chimakamba za mafayilo 14 omwe chimayenda nawo basi, enawo sichiwaphimba. Apa ndi pomwe ambiri amagwa, chifukwa onse amaoneka ofanana ndipo onse ali ndi dzina la Adobe pamwamba.

Chomaliza pa kufufuzaku, pezani mafayilo oyambirira a Adobe muwafananize ndi anu pogwiritsa ntchito diff, lamulo loonetsa kusiyana kwa mafayilo. Mwina mupeza kuti wina anachotsa mizere ya KPX, yomwe imanena mmene zilembo ziwiri ziyandikirane, kuti fayilo ichepe. Zimenezo n'zololedwa, koma anayenera kulemba kuti wasintha. Ngati anachotsa mzere wa Notice, ameneyo anaphwanya chilolezo, tayani mafayilo akewo muyambire pa oyambirira. Chimodzimodzi ngati manambalawo munawasandutsa JSON (mtundu wina wa fayilo ya deta) kapena tebulo la m'kati mwa pulogalamu: mawu a copyright apite nawo, ndipo mulembe pamwamba zomwe mwachita.

Tsono funso lanu la manambala. Simukulakwa kwenikweni. Kunena kuti chilembo A cha Helvetica n'chotambalala 667 pa magawo 1000 ndi muyeso chabe. Ku United States khoti lalikulu linagamula mu 1991, pa mlandu wa Feist, kuti mfundo zenizeni pazokha sizikhala ndi copyright, ndipo kumeneko maonekedwe a zilembo nawonso satetezedwa motero. Koma European Union ili ndi lamulo la 1996 loteteza nkhokwe za deta, ndipo Linux imakoperedwa pa maseva a m'mayiko ambirimbiri. Magulu ogawa Linux ngati Debian, omwe amayendera malamulo awo a mapulogalamu aulere otchedwa DFSG, amafuna chilolezo cholembedwa chogawira ndi kusinthira fayilo iliyonse. Palibe woyang'anira amene angaike anzake onse pachiswe chifukwa cha maganizo anu kapena anga pa malamulo, chikhalirecho chilolezo chenicheni chilipo kale.

Mafayilo akakhala oyenera, ikani MustRead.html m'foda yomweyo, lembani APAFML pomwe mumalemba malayisensi a phukusi, muperekenso. Akakhala a gulu la 35, achotseni. Mafonti a kampani ya URW omwe amayenda ndi Ghostscript, pulogalamu yowerenga PostScript ndi PDF, monga Nimbus Sans ndi Nimbus Roman, ali ndi miyeso yofanana ndi ya Adobe, ndipo anamasulidwa kwa anthu onse kuyambira 1996. Pulogalamu yanu ingodalira phukusi lawo lomwe lili kale m'nkhokwe m'malo mosenza kope lakelake.

Funso: Nanga ndikatulutsa ndekha miyeso ya Arial kuchokera pa kompyuta yanga ya Windows n'kuyiika m'phukusi?

Yankho: Musadzivutitse. Mudzafunsidwa komwe mwaitenga, ndipo yankho lidzakhala fonti yomwe layisensi yake si yaulere. Kampani ya Red Hat inatulutsa mafonti a Liberation mu 2007 pa chifukwa chomwechi: Liberation Sans imafanana miyeso ndi Arial, Liberation Serif ndi Times New Roman, Liberation Mono ndi Courier New. Kuyambira 2012 ali pa layisensi ya SIL Open Font License. Carlito imalowa m'malo mwa Calibri, Caladea m'malo mwa Cambria. Tulutsani miyeso yanu m'menemo, ndipo mulembe dzina la fonti ndi nambala ya mtundu wake pamutu pa fayilo, kuti wobwera pambuyo panu asadzasowe poyambira.