Chifukwa chake ankakonda kudzizimbaitsa

Achimwene, mwafunsa chifukwa chomwe makanema oseketsa akale opanda mawu aja ankadzaza ndi anthu odzizimbaitsa. Ine ndimati nkhani yagona pa kusowa mawu komweko. Bodza la pakamwa silingamveke mu kanema wosalankhula, ndiye linkayenera kuoneka ndi maso: ndevu zomata, chipewa chobwereka, diresi. Woonera akudziwa chinsinsi, wopusitsidwayo sakudziwa, phwete limayambira pamenepo.

Taonani The Masquerader ya Charlie Chaplin, yopangidwa ku kampani ya makanema ya Keystone mu 1914. Amuchotsa ntchito pa situdiyo, iye n'kubwerera atatchena ngati mayi wa ulemu wake, bwana yemwe anamupitikitsa uja n'kuyamba kumunyengerera. Chinyengo chitaululika, basi liwiro la mtondo wadooka, mpaka Chaplin kuthera m'chitsime. Kanema wake ndi wamfupi kwambiri, nthawi yofotokoza zambiri panalibe.

Chondiseketsa n'chakuti kuonerana kunafika mpaka pa ochita sewerowo. Cha m'ma 1917, Billy West ankavala ndi kuyenda ngati Chaplin ndendende, ndipo m'makanema ake ambiri munthu wovuta anali Oliver Hardy, asanayambe kusewera limodzi ndi Stan Laurel, mnzake yemwe anadzatchuka naye pa makanema oseketsa.