Kwa mnyamata wa ku Chilomoni amene akufuna kuuluka ndi ski

Ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Chilomoni kuno ku Blantyre. Wapeza mwayi wokaphunzira ku Calgary, m'dziko la Canada, ndipo anyamuka mu Ogasiti. Akuti wakhala akuonera pa YouTube anthu akudumpha ndi ski (timatabwa tiwiri tatitali tomangirira kumapazi totsetserekera pa chipale chofewa), kuzungulira m'malere n'kutera chambuyo, ndiye mtima wake wagwera pomwepo. Akufunsa zinthu ziwiri: agule ski zotani pa intaneti asananyamuke, komanso zingamutengere nthawi yaitali bwanji kuti ayambe kupidiguka m'malere ngati anthu amene amawaonerawo. Wanenanso kuti chipale chofewa sanachiponde n'kamodzi komwe, kuzizira kumene akukudziwa ndi kwa chiperoni basi.

Achimwene, ndiyambe ndi thumba lanu. Musagule ski. Malo otsetserekera amabwereketsa ski, nsapato zake ndi ndodo, ndipo nyengo yozizira yoyamba yonse muzingobwereka. Ski za munthu wongoyamba kumene zimakhala zazifupi ndi zofewa, mukaziimika zimafika cha pachibwano, ndipo mukangozolowera zimakucheperani. Mukagula pano mugula mongolota, musanadziwe n'komwe mmene mwendo wanu umayendera.

Ndalama mukaziike pa nsapato. Nsapato za ski ndi zapulasitiki wolimba, zimafika kukatumba, ndipo amaziyeza potengera kutalika kwa phazi m'masentimita, osati saizi 8 kapena 9 imene mumaidziwa. Ife tinazolowera kusankha nsapato yokulirapo kuti phazi lizipuma. Apa chizolowezi chimenecho n'chovulaza. Phazi likamagwedera m'kati, ski siimvera, ndipo nthawi iliyonse mukatera, msongolo umamenya kutsogolo kwa nsapato mpaka kutupa. Yokwana bwino ndi imene zala zimakhudza kutsogolo mukaima chilili, koma zimabwerera pang'ono mukapinda mawondo. Muvale sokosi imodzi yopyapyala, osaphatikiza. Zimenezi sizitheka pa intaneti. Mukalowe m'sitolo, akakuyezeni, muzivale kwa kanthawi musanatulutse ndalama.

Zovala ndiye musavutike nazo. Pitani mukafukule kaunjika ku Limbe. Mabelo ambiri amachokera kumayiko ozizira, ndipo majekete ndi mathalauza osalowa madzi amapezeka, nthawi zina ogulitsa akudandaula kuti sakuyenda malonda. Magolovesi okhuthala mutengenso, pakuti ku Calgary kuzizira kumatha kufika madigiri 25 pansi pa ziro. Koma helimeti ya kaunjika ayi. M'kati mwake muli thovu lolimba limene limaphwanyika likamenyedwa kamodzi kwambiri, ndipo kunja kumatha kuoneka bwinobwino. Simungadziwe kuti mwini wake woyamba anagwa nayo kangati. Mugule yatsopano.

Pali kachitsulo kamene kamagwira nsapato pa ski, ndipo kamayenera kumasuka mukagwa molakwika. Kulimba kwake amakuchuna ndi nambala yotchedwa DIN, potengera kulemera kwanu, msinkhu, zaka, kutalika kwa nsapato ndi luso lanu. Anyamata ena amakweza okha nambalayi kuti ski isamachoke akamatera. Ski ikapanda kuchoka, chimene chimapotoka ndi mwendo. Bondo ndi limene limavulala kawirikawiri m'masewerawa, makamaka mtsempha wa m'kati wotchedwa ACL, ndipo ukaduka ndi opaleshoni ndi miyezi yambiri muli panja. Asiyireni amisiri a m'sitolo achune.

Tsiku logula ski zanuzanu likadzafika, mudzafunse za twin tip, zopindikira m'mwamba kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Zinatchuka kampani ya Salomon itatulutsa ski yotchedwa 1080 cha m'ma 1998, ndipo ndi zimene zimalola munthu kutera kapena kuyenda chambuyo. Za mamilimita 85 mpaka 95 m'lifupi pansi pa phazi n'zokwanira, ndipo kachitsulo kaja amakamanga pafupi ndi pakati kuti ski izizungulira mosapendekera.

Tsopano funso lanu lachiwiri. Nyengo yoyamba iwalani zopidiguka. Lipirani mphunzitsi masiku oyamba, osadalira mnzanu wa m'kalasi amene anayamba ali mwana ndipo anaiwala kuti kuphunzira kumakhala bwanji. Mudziwe kuima pamene mwafuna, kukhota ski zonse ziwiri zitayandikana, ndi kuyenda mwaliwiro popanda kukhalira kumbuyo. Vuto lalikulu la oyamba ndi limeneli: mantha akabwera thupi limathawira kumbuyo, ndipo munthu wokhalira kumbuyo akadumpha amatera ndi msana.

Mukafika polowa m'paki, kumene kuli timilu todumphira, mabokosi ndi zitsulo zotsetserekapo, mudzaona zikwangwani za S, M, L ndi XL, zosonyeza kukula kwa zodumphirazo. Khalani pa S mpaka mutatopa napo. Choyamba ndi kudumpha molunjika, osazungulira, manja kutsogolo, n'kutera ndi mawondo opinda. Kenako kuyenda chambuyo pamalo osatsetsereka kwambiri, mukuyang'ana paphewa. Ambiri amanyalanyaza gawo limeneli chifukwa silikoma pa vidiyo, koma 180, kutembenuka theka m'malere, amatera chambuyo, ndiye ngati simutha kuyenda chambuyo muterera kuti? Ikakhazikika 180, 360 (kuzungulira kwathunthu) imabwera. Chinsinsi chake ndi kuyamba mwanyamuka kaye kenako n'kuzungulira, mutu ndi mapewa zikutsogolera, maso akufunafuna poterapo. Amene amayamba kupota thupi ski zikadali pansi amakodwa ndi m'mphepete mwa ski. Pa bokosi, yambani ndi lalikulu, lalifupi, kudutsapo molunjika. Pamenepo ski zigone fulati, chifukwa mukangozipendeketsa ngati muli pachipale, miyendo imathawa n'kukusiyani pansi.

Chimene makanema sakuonetsani ndi liwiro. Malo odumphira amawamanga motere: pali ponyamukira, kenako pamwamba pafulati, kenako potsetsereka poterapo. Liwiro likachepa mumatera pamwamba paja, pampendero pake, ndipo mawondo ndi amene amalipira. Likachuluka mumapitirira potsetsereka ponse n'kukagwera pansi pafulati, zomwe n'zoopsa kuposa. Liwiro loyenera limasintha tsiku lomwelo: m'mawa pouma pamathamanga, masana dzuwa likafewetsa pamachedwa, ndipo mphepo nayo ili ndi mbali yake. N'chimodzimodzi kudumpha ngalande yodzaza nthawi ya dzinja, kulimba mtima kokha sikuolotsa ngati mwayambira pafupi. Imani pambali muone anthu angapo, muone pamene akuyambira ndi kuti akhota kangati asanafike ponyamukira. Pemphani wodziwa kuti mumutsatire kumbuyo. Mukatera chokanipo msanga, chifukwa wobwera pambuyo panu sakuonani.

Anthu amene mumawaonerawo sanaphunzire kupidiguka pachipale. Amayamba pa trampolini, kenako amadumphira pa chithumba chachikulu cha mpweya kapena m'madzi, mphunzitsi ali pompo, mpaka thupi litaloweza. Eileen Gu, amene anapata mendulo ziwiri zagolide ndi imodzi yasiliva m'masewera a Olympics ku Beijing mu 2022 ali ndi zaka 18, anayamba ski ali ndi zaka zitatu. Ndipo ngozi siiona luso. Sarah Burke wa ku Canada komweko, amene anamenyera nkhondo kuti halfpipe ya ski (mpikisano wodumpha m'ngalande yaikulu ya chipale) ilowe m'masewera a Olympics, anamwalira mu Januwale 2012 atagwa pokonzekera ku Park City, m'dziko la America, ndipo mpikisanowo unalowa ku Sochi, m'dziko la Russia, mu 2014 iye kulibe. Kwa inu ndinganene motere: nyengo yoyamba kutsetsereka ndi kudumpha molunjika, yachiwiri 180, 360 ndi bokosi. Zopidiguka mudzakambirane ndi mphunzitsi, osati ndi ine.

Mwayi wanu ndi wakuti phiri lophunzirira lili mumzinda momwemo. Canada Olympic Park inamangidwira masewera a Olympics a 1988, pamene freestyle, ski yodumpha ndi kuzungulirayi, inangoonetsedwa chabe, mendulo zake zinayamba mu 1992 ku Albertville, m'dziko la France. Amayatsa magetsi madzulo, moti mutha kupitako mutaweruka. Wina akakuuzani za Afriski, malo otsetserekera a ku Lesotho, n'zoona iliko, pamtunda woposa nsonga ya Sapitwa, ndipo imatsegula Juni mpaka Ogasiti, koma ndalama ya ulendo umenewo ndi ya nsapato zija.

Miyezi yatsalayi limbitsani ntchafu. Michiru muli nayo pakhomo, ndipo kutsika pang'onopang'ono mawondo atapinda ndi kumene kumagwira minofu yofunika potera. Mukapeza nsapato zamatayala, phunzirani kuyenda nazo chambuyo pabwalo losalala. Ndipo mukafika kusukulu, funsani ngati inshuwalansi yanu ya zaumoyo imalipira kuvulala kwa pa ski, kuphatikizapo ambulansi yochokera kuphiri, musanakwere ulendo woyamba.