Kodi kamwala ka ku Luxor n'kakaledi?

Funso: Mchimwene wanga wabwera ndi kamwala kovala m'khosi kuchokera ku Luxor, mzinda wa ku Egypt, kosemedwa ngati chikumbu chogubuduza ndowe. Wogulitsa anati n'ka nthawi ya mafarao. Ndingadziwe bwanji? — Wowerenga, Zomba

Yankho: Tikuganiza kuti n'katsopano. Ku Egypt, lamulo nambala 117 la 1983 limaletsa kugulitsa zinthu zakale, choncho wotsatsa poyera amakhala akugulitsa za amisiri a lero. Amisiriwa amasema mwala wofewa wa steatite, womwe akale ankagwiritsanso ntchito, ndiye mwalawo paokha sukuuzani kanthu.

Yambani ndi bowo lopisamo chingwe. Akale ankaboola ndi uta wozunguza kachitsulo, kawirikawiri kuchokera mbali zonse ziwiri, moti mabowo amakumana pakati mopotoka pang'ono, ndipo kukamwa kwake kunaperepeseka ndi chingwe. Choboolera chamagetsi chimasiya bowo lowongoka bwa, lakuthwa m'mbali. Tengani galasi lokuza ka 10 muonenso mizere yosemedwa pakamwalako: timikwasa tofanana tondondozana tikusonyeza makina.

Kenaka nyowetsani thonje ndi acetone, wochotsera utoto wa zikhadabo uja, mupukute pakona kamodzi. Likada, mwina ukalambawo ndi wa polishi wa nsapato kapena dothi lomata ndi guluu. Musapale ndi mpeni, mungawononge.

Zonsezi zimangogwira bodza losapsa; mmisiri waluso amazizemba. Kakapambana mayesowa, jambulani pansi pake pomwe pali zilembo, mutumize kwa katswiri wa kumyuziyamu. Dziwani kuti kakakhala kenikeni, kukatulutsa m'dzikolo unali mlandu.