Munafika maliro ataikidwa kale: yankho kwa mayi amene madzi anawatsekera njira pa Bangula

Mayi wina wa ku Ndirande wandilembera imelo. Azakhali ake amene anamulera anamwalira ku Makhanga, kutsidya kwa mtsinje wa Shire m'boma la Nsanje, m'nyengo ya dzinja. Mayiyu anakwera minibasi m'mamawa, koma atafika pa Bangula eni mabwato anakana kuolotsa anthu chifukwa madzi anali atakwera. Mnyamata wina anati awaolotsa chakumadzulo pa kabwato kake akalipira kawiri, iwo anakana. Anagona pakhonde la sitolo, pomwe mayi wogulitsa nsomba anawapatsa nsima ndi mphasa. Ataoloka mawa lake, anapeza anthu akuchokera kumanda. Funso lawo ndi ili: "Anzanga akuti ulendo wotere umakhwimitsa munthu. Ine ndikungomva mkwiyo ndi manyazi. Kodi pali chimene ndikuphonya?"

Pepani kwambiri, mayi. Kusaona nkhope ya munthu amene anakulerani ndi chinthu chowawa, ndipo palibe phunziro limene lingabweze zimenezo. Amene akukuuzani msanga kuti mwakhwima akufuna kuti musiye kulira. Musawakwiyire, komanso musadzikakamize kuwamvera.

Manyaziwo ndiye ndikuwakana. Ambirife a kumtunda sitidziwa mmene madzi a kuchigwa amayendera. Sadikira kuti mvula igwe pomwepo. Ikagwa yamphamvu ku Mulanje ndi ku Thyolo, mtsinje wa Ruo umatsika ndi ukali n'kukakumana ndi Shire pa Chiromo, ndipo Makhanga akhoza kusefukira kumwamba kuli dzuwa. Kuchokera mu 1997, pomwe madzi anakokolola njira ya sitima ndi msewu pakati pa Bangula ndi Chiromo, munthu wopita kutsidyako amadalira bwato, apo ayi azungulire pa Thabwa kutsata msewu wa East Bank, umenenso umadukaduka mvula ikachuluka. Mu Januwale 2015 anthu a ku Makhanga ankapulumutsidwa ndi mabwato a asilikali ndi ma helikopita. Namondwe Ana mu 2022 anaswa damu la Kapichira n'kudula msewu wa M1, ndipo Freddy mu Malichi 2023 anaonjezanso. Madzi amene amaimitsa magalimoto a boma sangakhale mlandu wa mayi mmodzi wonyamula chikwama.

Tsopano onani zimene munachita. Mtima ukukoka kuti muoloke, ndalama muli nazo, wokuolotsani alipo, inu munayang'ana amuna amene anakulira pamadzi amenewo atamangirira mabwato awo, n'kunena kuti ngati awa akuopa, inenso ndiope. Si chinthu chapafupi ichi. Pamadzi amenewo pali ng'ona ndi mvuu, ndipo akasefukira amabwera ndi mitengo yozuka imene mumdima siioneka. Pali mabanja amene analira maliro awiri sabata imodzi chifukwa wina anaumirira. Ngati mukufuna kudziwa pamene munakula, ndi pamenepo: munasiya nzeru za m'tauni n'kumvera eni dera, tsiku limene kumvera kunali kowawa koposa.

China ndi mphasa ija. Mwalemba kuti munachita manyazi kudyetsedwa ndi munthu amene mwina akupeza zochepa kuposa inu. Ndikukumvetsani, pakuti tinazolowera kupita kumudzi ngati opereka, titanyamula shuga ndi sopo. Koma anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje agonapo m'makalasi ndi m'matenti chifukwa cha madzi. Mayiyo amadziwa kugona panja usiku, udzudzu ukuimba, ndipo ankakupatsani chimene nayenso anapatsidwapo. Kulandira osayamba kufunsa mtengo ndi luso limene ambirife tinalitaya.

Mwanenanso kuti tsopano mukuopa ulendo wa kuchigwa. Mantha amachepa munthu akadziwa chochita. M'dzinja, musananyamuke imbirani wachibale wa kutsidyako mumufunse za Ruo, osati za mvula ya kwawo yokha. Mverani machenjezo a nthambi ya zanyengo pa wailesi. Funsaninso madalaivala musanadutse pa Thabwa, chifukwa ndi pamene mungasankhe mbali ya mtsinje; mukafika pa Bangula ndiye kuti mwachedwa. M'chikwama muzikhala ndalama ya malo ogona, madzi akumwa, neti, ndi foni yotchaja.

Ndipo mupitenso. Tsiku lija munafika muli wotopa ndi wosweka mtima, moti sindikhulupirira kuti munakhala pansi mokwanira ndi abale. Kwathu kuno kupepesa maliro sikutha tsiku loika. Sankhani Juni kapena Julaye, madzi ataphwa komanso kutentha kwa Okutobala kusanafike, mukagone masiku angapo, akuluakulu akakuperekezeni kumanda, ndipo mukafunse amene anawadwazika kuti azakhali ananena chiyani m'masiku awo otsiriza.