Wosalakwa afera bwanji wolakwa?

Amayi ena a ku Kapata kuno ku Chipata anditumizira email sabata yatha. Akuti: "Kutchalitchi timaimba kuti Yesu anafera machimo athu. Koma mwana wanga ataba njinga, majisitireti sangamange mng'ono wake m'malo mwake. Nanga Mulungu wachilungamo alanga bwanji wosalakwa?"

Amayi, mwafunsa bwino, ndipo Baibulo lomwe likuvomerezana nanu penapake. Ezekieli 18:20 amati mwana sadzasenza mphulupulu za atate wake. Choncho tisathamange nayo nkhaniyi.

Tiyambire kumudzi. Ng'ombe zomwe mnyamata amaweta zalowa m'munda wa agogo ena, zadya chimanga chonse. Mlandu wafika kwa amfumu. Mnyamata alibe ngakhale nkhuku, ndiye amalume ake, eni mbumba, atulutsa mbuzi m'khola mwawo nalipira. Pabwalopo palibe amene amati chilungamo chapotozedwa, chifukwa mwanayo ndi wawo ndipo alipira mwa kufuna kwawo.

Koma tiyerekeze kuti agogo aja anena kuti, "Bwererani nayo mbuziyo, ndakhululuka." Kodi chimanga chabwerera m'munda? Ayi. Nkhokwe ikhala yopanda kanthu, ndipo ikafika February, ogona ndi njala ndi agogo omwewo. Mlandu sunasungunuke ngati mchere m'madzi. Wausenza ndi mwini munda.

Ambiri a ife m'mutu mwathu muli anthu atatu: Mulungu wokwiya, ife olakwa, ndi munthu wina wabwino amene wangogwidwa panjira kuti akwapulidwe. Zikanakhala choncho, inenso ndikanakana pamodzi nanu. Koma Paulo pa 2 Akorinto 5:19 akuti Mulungu anali mwa Khristu, kuyanjanitsa dziko lapansi kwa Iye mwini. Wopachikidwayo ndi mwini munda uja, amene anabadwanso m'mbumba yathu kuti akhale ndi ufulu wotiimira pabwalo. Ndipo pa Yohane 10:18 Yesu anena poyera kuti palibe womulanda moyo wake, akuupereka yekha. Ine mawu amenewa ndiwo amandigwira mtima kuposa onse.

Za mwazi sizachilendo kwa ife. Amene anapitapo ku Mtenguleni pa Nc'wala, mwambo wa Angoni, anaona ng'ombe yakuda ikubayidwa, ngakhale kuti mwambo uja ndi wothokoza pa zakumunda zoyamba, osati wochotsa machimo. Aisraeli anali ndi wawo pa Levitiko 16: mbuzi ziwiri kamodzi pachaka, ina yophedwa, ina mkulu wa ansembe ankaisanjika manja, kuulula zolakwa za anthu, nkuipirikitsira kuchipululu. Koma mbuzi sifunsidwa, imangokokedwa ndi chingwe. Nchifukwa chake Ahebri 10:4 amati mwazi wa ng'ombe ndi mbuzi sungachotse machimo.

Funso lanu linasautsanso ena kale. Cha m'ma 1098, Anselm, bishopu wamkulu wa ku Canterbury ku England, analongosola kuti ngongole ya machimo ndi ya munthu koma wotha kuilipira ndi Mulungu yekha, motero wolipira ayenera kukhala Mulungu ndi munthu pamodzi. Katekisimu wa Heidelberg wa 1563, wa mipingo ya Reformed ngati wa Reformed Church in Zambia umene unayambira pa Magwero mu 1899, amayenda m'njira yomweyo. Akhristu ena amakonda kutsindika dipo la pa Marko 10:45, ena kugonjetsedwa kwa imfa. Ine sindiona chifukwa cholimbanirana pamenepo.

Tibwerere ku njinga ija. Majisitireti akhoza ndithu pokana kumanga mng'onoyo: mwanayo sanadzipereke, ndipo woberedwa si majisitireti. Koma mnyamata wakubayo akadzalapa nakhululukidwa ndi Mulungu, musamulole kunena kuti zonse analipira Yesu, njinga ili m'nyumba. Zakeyu atalandira Ambuye kwawo ku Yeriko analonjeza kubweza kanayi zomwe analanda. Mumugwire dzanja mwanayo, mukabweze njinga kwa mwini wake.