Kodi vayirasi ingachoke pa laputopu ya mwana n'kulowa m'kompyuta ina pa Wi-Fi imodzi?

Mayi, mwafunsa ngati vayirasi imene yagwira laputopu ya mwana wanu ingalowenso m'kompyuta yanu ya ntchito, popeza zonse zili pa Wi-Fi imodzi kunyumba kwanu ku Mufakose, ndiponso alendi anu munawapatsa pasiwedi yomweyo. Inde ingathe, koma sikuti vayirasi imagwira aliyense wokhala m'nyumbamo ngati chimfine. Imafunika kupeza mpata pa kompyuta yachiwiriyo, ndipo mipata yambiri timaisiya ndife eni ake.

Rauta yanu, kabokosi kamene kamapereka Wi-Fi m'nyumba, imatchinga zambiri zochokera kunja pa intaneti, koma zipangizo zimene zili mkati mwa netiweki yanu zimaonana ndi kulankhulana momasuka. Pali mtundu wa vayirasi wotchedwa worm, umene sudikira kuti munthu atsegule fayilo. Ukangolowa m'kompyuta imodzi umayamba kufufuza makompyuta ena pa netiweki yomweyo, ndipo ukapeza ina yofooka umadzikopera wokha. Umu ndi mmene WannaCry inafalikira m'mwezi wa Meyi 2017, pamene inagwira makompyuta m'mayiko oposa 150 ndi kusokoneza ntchito za zipatala ku Britain. Inkadzera pa cholakwika cha mu SMB, njira imene Windows imagawanira mafayilo pakati pa makompyuta. Chondiwawa pa nkhaniyi n'chakuti Microsoft inali itatulutsa kale update yotseka mpata umenewu m'mwezi wa Malichi chaka chomwecho, kotero amene anagwidwa ambiri ndi aja amene sanaiike.

Apa ndi pamene ife a kuno ku Harare tiyenera kusamala kwambiri, chifukwa ambiri timazimitsa ma update poopa kuti data itha, ndipo makompyuta ambiri amene timagula ogwiritsidwa kale ntchito amabwera ndi Windows yakale. Microsoft inasiya kukonza Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo Windows 10 inasiya kulandira ma update a masiku onse pa 14 Okutobala 2025, kupatula kwa amene analembetsa dongosolo lapadera lowonjezera nthawi. Ngati kompyuta yanu ya ntchito ili m'gulu limeneli, nkhawa yanu ndi yomveka ndithu.

Ngakhale kompyuta yanu ikhale ndi ma update onse, patsala mpata wina, womwe ndi mafoda amene munagawana. Ngati laputopu ya mwanayo ili ndi chilolezo cholemba mu foda ya pa kompyuta yanu, vayirasi ya mtundu wa ransomware ingathe kukhoma mafayilo onse a mu fodayo popanda kulowa n'komwe m'kompyuta yanu, kenako n'kukuuzani kuti mulipire kuti muwatsegule. Rauta nayonso imagwidwa. M'chaka cha 2016 vayirasi ya Mirai inalanda marauta ndi makamera ambirimbiri pongoyesa mapasiwedi amene zipangizozo zimabwera nawo kuchokera kufakitale, monga admin. Rauta ikalandidwa, wakuba angathe kukutumizani ku tsamba labodza looneka ngati la banki yanu. Za mafoni musade nkhawa kwambiri, pakuti vayirasi yopangidwira Windows siigwira ntchito pa Android.

Komabe mmene ndimaonera, m'nyumba zathu zambiri vayirasi siiyenda pa Wi-Fi, imayenda pa fulashi. Mwana amapita nayo m'tauni kukasindikiza ntchito ya kusukulu, akabwera mumailowetsa pa kompyuta yanu n'kupeza mafoda onse asanduka ma shortcut okhala ndi kamuvi pakona, ndipo mukangodina limodzi kuti muone ngati mafayilo alipo, vayirasi yalowa. Magemu ndi mapulogalamu obedwa otsitsidwa mwaulere nawonso amabwera ndi zambiri zobisika.

Ndiye lero lomwe ichotseni laputopuyo pa Wi-Fi, ndipo musalowetsemo fulashi imene mudzaigwiritsanso ntchito kwina. Ifufuzeni ndi Microsoft Defender, pulogalamu yolimbana ndi mavayirasi imene imabwera ndi Windows, posankha offline scan, koma ngati ikupitirizabe kuchita zachilendo, ndi bwino kungoikamo Windows mwatsopano kusiyana ndi kukhala mukukayika. Mapasiwedi onse amene analembedwapo pa laputopuyo, makamaka a imelo ndi a banki, asinthidwe kuchokera pa chipangizo china chimene mukudziwa kuti chilibe vuto. Pa kompyuta yanu ikani ma update ngakhale data ipite, ikani netiweki pa Public mu Windows kuti zipangizo zina zisaione, ndipo muzimitse kugawana mafayilo ngati simukugwiritsa ntchito.

Za alendi anu, sindikuti muwalande intaneti, chifukwa nawonso mwina amasonkha nawo ndalama yake. Marauta ambiri ali ndi guest network, imene imapatsa munthu intaneti koma osamulola kuona zipangizo zanu. Alendiwo aikeni kumeneko, pamodzi ndi laputopu ya mwanayo ikakonzedwa, ndipo musinthe pasiwedi ya Wi-Fi komanso yolowera mu rauta momwemo, pakuti ziwirizi n'zosiyana. Mafayilo a ntchito yanu muziwakopera pa hard drive yapadera, ndipo mukamaliza kukopera muziichotsa pa kompyuta, chifukwa ikakhala yolumikizidwa ransomware imaikhomanso pamodzi ndi zina zonse.