Kunja kunali nyenyezi zokhazokha, nanga gaidi anatibwezeranji?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mlongo wathu wina amene ndi namwino ku Manchester. Wandilola kuti ndimuyankhe pompano. Nkhani yake mwachidule ndi iyi. Anasunga ndalama zaka ziwiri n'kulipira kampani ina yoperekeza anthu kukwera phiri la Mont Blanc, la m'mapiri a Alps pamalire a France ndi Italy. Masiku oyamba zinayenda bwino, anakwera kaye Gran Paradiso ku Italy kuti thupi lizolowere mpweya wochepa. Kenako anakafika panyumba yogona ya Tête Rousse, nagona, nadzuka pakati pausiku, nsapato kuphazi. Gaidi anatuluka panja, anakhalako kanthawi, pobwera anangoti, "Sitikwera. Kukacha titsika." Mlongo wathuyu akuti kunalibe mtambo ngakhale umodzi, kunalibe mphepo, ndiponso kunali kofunda. Magulu ena anapita ndithu, ena anakafika pansonga n'kuika zithunzi pa Facebook. Ndalama zake sizinabwerere. Ndiye akufunsa kuti, "Achimwene, kodi anthuwa sanandibere? Nanga ndibwererenso?"

Achemwali, choyamba pepani. Ndalama ya mashifiti ausiku si yoseweretsa, ndipo kuona anzako akumwetulira pamalo pomwe unayenera kuima iwe kumawawa. Koma sanakubereni. Umboni wake mwaulemba nokha m'kalata mwanumo: kunali kofunda.

Ife amene tinaphunzirira mapiri ku Mulanje timadziwa mdani mmodzi, chiperoni. Ukanyamuka kupita ku Sapitwa kuli ngwee, kenako nkhungu n'kutsika, mwala uliwonse umafanana ndi unzake ndipo njira imasowa uli pomwepo. N'chifukwa chake m'mutu mwathu nyengo yoipa ndi mitambo, nyengo yabwino ndi dzuwa. Nzeru imeneyi imagwiranso ntchito ku Mont Blanc. Anthu a ku Chamonix, tauni ya m'munsi mwa phirili, akaona kamtambo kosalala katavundikira nsonga ya phiri ngati chipewa amati kwabwera bulu, ndipo amadziwa kuti pamwambapo pali chimphepo, nyengo isintha posachedwa. Koma Sapitwa ndi wa mamita 3,002 ndipo ndi thanthwe lokhalokha. Mont Blanc amapitirira pang'ono mamita 4,800, ndipo mbali yaikulu ya phirilo ndi yokutidwa ndi ayezi. Phiri lotere lili ndi mdani wachiwiri amene kwathu sitimudziwa, ndiye kutentha.

Taganizani zidutswa za nkhuku zomwe mwaika mufiliji. Zikauma zimagwirana gwa, simungachotse chimodzi popanda mpeni. Magetsi akazima tsiku lathunthu, mukangokhudza pepala zonse zimayoyoka. Miyala ya m'mapiri ataliatali a Alps inagwirana chimodzimodzi. M'ming'alu yake muli madzi amene anaundana kalekale osasungunuka ngakhale m'chilimwe, ndipo ndiwo simenti yake. Madziwo akayamba kusungunuka, mwala umene unakhala phee zaka mazanamazana umangonyamuka wokha.

Tsono pamene munagona paja, pa Tête Rousse, pali pa mamita 3,167. Mukachokapo kuyenda pang'ono mumafika pa chigwembe chotchedwa Grand Couloir du Goûter. Ndi ngalande yaikulu yotsetsereka, yochokera pamwamba pa Aiguille du Goûter, ndipo mwala uliwonse wothothoka kumtundako umadzera mmenemo. Njira imadutsa chopingasa. Si patali, mamita ake sakwana n'komwe 100, munthu wamphamvu amawoloka mwamsanga. Koma pakati pa 1990 ndi 2017 anthu oposa 100 anafera m'dera limeneli, ena pogendedwa ndi miyala, ena poterereka. Afalansa eni ake anachipatsa dzina loti chigwembe cha imfa. Ndipo chimene ambiri amaiwala n'chakuti pamenepa umawoloka kawiri. Popita ukhoza kudutsa kusanache, miyala ikadali yogwirana. Pobwera umadutsa dzuwa litaswa mtengo kapena litapendeka, miyendo ili lende, nthawi yomwe miyala imagwa kwambiri. Gaidi wanu ataima panja usiku uja, maganizo ake anali pa ulendo wobwererawo.

Ndikuuzeni zomwe ndinaona ndi maso anga, paphiri lina laling'onopo. Tinadzutsidwa 2 koloko usiku, tikumwa tiyi wosakoma ndi buledi wouma, matochi ali pamphumi. Gaidi wathu, bambo wachikulire wosalankhulalankhula, anatuluka, ine n'kumutsatira poti ndine wachidwi. Kumwamba sanayang'aneko n'komwe. Anapita pomwe panali sinoo n'kuponda ndi chidendene. Phazi linalowa mpaka mukakolo ngati waponda phala. Kenako anazimitsa tochi n'kuima duu, kumvetsera. Ndinamva kadontho kakugwa kuchokera padenga, tho, tho, ndipo chapatali mumdimamo china chake chinagubuduka, phokoso ngati lole ikukhuthula miyala yomangira. Anangopukusa mutu n'kunena kuti usiku sikunaundane. Tinabwerera kukagona. Ndinakwiya tsiku lonse, osamulankhula, ndipo lero ndikaganiza ndimachita manyazi.

Mawu akuti "sikunaundane" ndiwo mutu wa nkhani yonse. Okwera mapiri a ayezi amanyamuka usiku osati chifukwa chokonda kuvutika. Usiku kukazizira, sinoo imauma, ndipo zitsulo zamano zomangirira kunsapato zija, ma crampons, zimaluma bwino. Pa glacier, umene ndi mtsinje wa ayezi woyenda pang'onopang'ono, pamakhala ming'alu yakuya yoti nyumba yosanja ikhoza kulowamo, ndipo yambiri imabisika ndi sinoo pamwamba ngati mbuna yotchera nyama. Kukazizira, chivundikirocho chimanyamula munthu. Kukafunda, chimabooka. Chingwe chomwe munamangana nacho ndi gaidi ntchito yake ndi imeneyo, koma palibe gaidi wanzeru amene amafuna kuchiyesa dala.

Chinthu chimodzi chomwe magaidi amayang'ana pa malipoti a zanyengo, chomwe ife sitichilabadira, ndi msinkhu umene kuzizira kumafika pa madigiri 0. Kale m'chilimwe malire amenewa ankakhala m'munsi ndithu mwa nsonga zazitali. Koma pa 25 Julayi 2022 a zanyengo a ku Switzerland anawapeza pa mamita 5,184, ndipo mu Ogasiti 2023 anafika pa mamita 5,298. Tanthauzo lake n'lakuti masiku amenewo mpweya wa pamsinkhu wa nsonga iliyonse ya Alps, ngakhale ya Mont Blanc, sunali woundanitsa madzi. Zaka ziwiri zomwezo, 2022 ndi 2023, ma glacier a ku Switzerland anataya gawo limodzi mwa magawo 10 a ayezi wawo yense.

Chaka cha 2022 chinasintha maganizo a anthu ambiri. Pa 3 Julayi, paphiri la Marmolada ku Italy, chibuluma cha ayezi chinathyoka masana dzuwa likuwala, n'kukokolola ayezi ndi miyala kudutsa panjira yomwe anthu amayenda masiku onse. Anthu 11 anafa, ena mwa iwo magaidi odziwa bwino ntchito yawo. Kunalibe namondwe tsiku limenelo, kunangotentha masiku angapo motsatizana. Mwezi womwewo magaidi a ku Chamonix ndi a ku Saint-Gervais anasiya kuperekeza anthu pa njira ya Goûter, yomwe inu munatenga. Kumbukirani kuti bungwe la magaidi a ku Chamonix linayamba mu 1821, ndipo Mont Blanc ndiye munda wawo. Munthu sasiya munda wake nthawi yokolola popanda chifukwa. Meya wa Saint-Gervais, a Jean-Marc Peillex, atatopa ndi anthu osamva, ananena kuti wofuna kukwera azisiya kaye chikole cha mayuro 15,000: 10,000 yolipirira omupulumutsa, 5,000 ya maliro ake. Anthu anaseka, ena anakwiya, koma kumayambiriro kwa Ogasiti nyumba zogona za Tête Rousse ndi Goûter zinatsekedwa ndithu kwa kanthawi.

Mwina mukuti, nanga aja anapita aja bwanji anabwerako amoyo? Inde anabwerako. Ngakhale tsiku loipitsitsa, ambiri owoloka chigwembe chija amawoloka bwinobwino, monga momwe ambiri owoloka msewu wa M1 osayang'ana amafikira kutsidya. Chithunzi cha pa Facebook chimangokuuzani kuti mwala sunawapeze. Komanso gaidi amayeza anthu amene ali nawo. Anakhala nanu masiku angapo, anaona mmene mumayendera pamiyala, mmene munapumira pa Gran Paradiso, liwiro lanu potsika mutatopa. Pa Mont Blanc gaidi mmodzi amatenga anthu osapitirira awiri, ndiye ngati mnzanu wapachingwe anali woyenda mochedwa, nayenso anawerengedwa. Gulu lothamanga likhoza kubwerera pachigwembe nthawi yabwino pamene gulu lina likafikapo madzulo. Izi sindikunena monyoza. Inuyo mumaona wodwala m'modzi akupatsidwa mankhwala omwe wina wa matenda omwewo wakanizidwa, ndipo simuti dokotala wakondera.

Pali kanthu kena komwe sitikonda kukavomereza. Kubweza kasitomala n'kovuta kuposa kupita naye. Gaidi amene wakufikitsa pansonga amalandira tipu, kukumbatiridwa, ndi nyenyezi zisanu pa intaneti. Wokubweza amatsika phiri lonse ndi munthu wotupa masaya kumbuyo kwake. Ine ndimaopa kwambiri gaidi amene sanabwezepo munthu.

Komabe pali pomwe mungadandaule, ndipo apa ndili kumbali yanu. Kampani yabwino imakuuzani musanalipire kuti chomwe mukugula ndi masiku a gaidi, osati nsonga, ndipo imalemba poyera chomwe chidzachitike phiri likakana. Zambiri zimakhala ndi phiri lina losinthira, monga nsonga za Monte Rosa, ndipo ngati kutentha kunkaoneka kale pa malipoti, akanatha kusintha pulani musanakwere n'komwe sitima yopita ku Nid d'Aigle, pomwe ulendo wapansi umayambira. Ngati anakusiyani m'tauni masiku otsalawo mukungoyang'ana mapiri pawindo, alembereni kalata mwaulemu, mufunse za masiku a gaidi amene munalipira koma osagwiritsidwa ntchito. Ena amachotsera mtengo wa ulendo wotsatira. Koma musakalembe pa intaneti kuti gaidiyo ndi wamantha.

Za njira ina, musanyengedwe ndi okuuzani kuti ingodzerani ku Aiguille du Midi, njira ya mapiri atatu, poti ilibe chigwembe. Ilibedi, koma imadutsa pansi pa zipupa za ayezi zolendewera. Mu Ogasiti 2008 anthu 8 anafera pa Mont Blanc du Tacul, ndipo mu Julayi 2012 ena 9 anakwiriridwa pa Mont Maudit. Njirayo ndi yaitalinso komanso yofuna luso.

Tsopano funso lanu lachiwiri. Bwererani, ngati mtima ukufunabe, koma musabwerere ngati munthu wokatenga ngongole. Kale aliyense ankati nthawi yabwino ndi pakati pa Julayi mpaka Ogasiti. Masiku ano magaidi ambiri akukonda Juni ndi kumayambiriro kwa Julayi, pamene sinoo ikadaphimba chigwembe n'kugwira miyala, kapena Seputembala usiku ukayambanso kuzizira. Miyezi imeneyi ili ndi vuto lakenso, anamondwe ndi chimphepo, ndipo pamzera wopapatiza wa Bosses, pamwamba pa kanyumba kothawirako ka Vallot, mphepo yamphamvu imakubwezaninso chimodzimodzi. Choncho pemphani tchuthi chotalikirapo, mukhale ndi masiku awiri kapena atatu odikirira. Funsani ngati gaidi ali ndi chiphaso cha IFMGA, bungwe la magaidi a mapiri la padziko lonse, ndipo funsani dzina lake, osangoti la kampani. Malo m'nyumba zogona za njira ya Goûter amasungitsidwa pasadakhale, lamulo limeneli lilipo kuyambira 2019, ndipo amatha msanga. Inshuwalansi yanu muiwerenge bwino, zambiri za maulendo wamba sizikhudza kukwera mapiri ndi chingwe.

Ndipo poti muli ku Manchester, Scotland ili pakhomo. Pitani ku Cairngorms kapena ku Ben Nevis mu Febuluwale, mukaphunzire masiku angapo kuyenda ndi ma crampons ndi kudziimitsa ndi kankhwangwa ka ayezi mukaterereka. Munthu amene mapazi ake anazolowera amawoloka chigwembe chija osaima pakati, ndipo gaidi amaona zimenezo tsiku loyamba lomwe.

Chinanso, achemwali, m'kalata yanu Gran Paradiso mwangomutchula modutsa ngati poima basi. Phiri limenelo ndi la mamita 4,061, kupitirira Sapitwa ndi mamita oposa 1,000, ndipo munalikwera pa ayezi, mutamangidwa chingwe, mpaka pamiyala yopapatiza ija pomwe pali chifanizo cha Mayi Maria. Chithunzi cha pamenepo munajambula? Nditumizireni, ndi chomwe ndikufuna kuona.